Mmene mungathandizire mnzanu amene akuzunzidwa pa intaneti ku yunivesite

Wophunzira wa ku yunivesite akayamba kuchitidwa chipongwe pa intaneti, woyamba kudziwa kawirikawiri sakhala kholo lake, mphunzitsi wake kapena mlangizi wa pasukulupo, koma mnzake wogona naye chipinda chimodzi, kapena wa m'kalasi mwake amene ali m'gulu lomwelo la WhatsApp limene nkhaniyo yabukira. Malangizo awa akupita kwa munthu ameneyo, amene waona chithunzi cha mnzake chikuyendayenda m'mafoni, wawerenga ndemanga zonyoza, mtima wamuwawa, koma sakudziwa poyambira, ndiponso akuopa kuti akalowererapo zinthu zingafike poipa kapena ozunzawo angamutembenukire iyeyo.

Nkhanza zimenezi zimabwera m'njira zambiri. Ena amatsegula akaunti yabodza m'dzina la mnzawo n'kumalembapo zochititsa manyazi, ena amatumiza miseche ku masamba amene ophunzira amaululirapo zinsinsi popanda dzina la wolemba kuoneka, ena amadula nkhope ya munthu pa chithunzi n'kupanga stika yoti gulu lonse lizisekera, ndipo enanso amaika poyera nambala ya foni ya munthu ndi chipinda chimene amagona kuti aliyense wofuna amuvutitse. Zowawa koposa ndi kufalitsa zithunzi zachinsinsi zimene munthu anatumizira chibwenzi chake kale, kapena zithunzi zamaliseche zopangidwa ndi mapulogalamu a AI pogwiritsa ntchito nkhope yake. Dan Olweus, katswiri amene anafufuza za kupezererana m'sukulu za ku Sweden ndi ku Norway kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anati kupezerera kumadziwika ndi zinthu zitatu: cholinga chopweteka wina, kubwerezabwereza, ndi kusiyana mphamvu pakati pa wozunza ndi wozunzidwa. Pa intaneti kubwerezako sikuchitidwa ndi woyambitsa yekha. Iye akhoza kulemba kamodzi kokha, koma aliyense wotumiza uthengawo kwa wina, ndi aliyense woika kankhope koseka pansi pake, akubwereza nkhanzayo m'malo mwake. Gulu limodzi la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu okwana 1,024, ndipo gulu la kalasi si loti munthu n'kungotulukamo, chifukwa m'menemo ndi mmene mumalengezedwa kusintha kwa nthawi ya maphunziro, masiku a mayeso ndi ntchito zofunika kupereka. Wozunzidwayo amakakamizika kutsegula tsiku ndi tsiku malo omwewo amene akunyozedwerapo.

Chimene chimamupweteka kwambiri munthu wotere nthawi zambiri si mawu a womudayo, koma chete wa anthu amene amawadziwa. Akaona kuti uthengawo awerenga anthu mazana ndipo palibe wanenapo kanthu, amakhulupirira kuti onsewo akugwirizana nazo. Ntchito yanu ngati mnzake ndi kumusonyeza kuti zimenezo si zoona, ndipo muichite popanda kumulanda ufulu wosankha yekha zochita pa nkhani yake.

Mupezeni payekha, ndipo musachedwe

Musadikire mpaka mutapeza mawu okoma kwambiri. Mulembereni kapena muimbireni tsiku lomwelo, ndipo ngati muli pafupi, pitani komwe ali. Mawu ochepa ndi okwanira: "Ndaona zimene alemba m'gulu muja. Zimenezija n'zoipa, ndipo iwe sunalakwe chilichonse. Uli kuti, ndibwere?" Mawu amenewa akumuuza kuti mwaona, kuti simukugwirizana nazo, ndiponso kuti simukuchita manyazi kuoneka muli naye. Akapanda kuyankha musakhumudwe, komanso musamuunjikire mauthenga, pakuti panthawi imeneyo foni ikangolira mtima wake umagunda, choncho kugogoda pachitseko chake kumathandiza kuposa kulemba mobwerezabwereza.

Zimachitikanso kuti mwini wakeyo sakudziwa n'komwe kuti akukambidwa, makamaka ngati nkhaniyo ili m'gulu limene iye mulibe. Anzake ena amasankha kumubisira poganiza kuti akumuteteza. Ine ndimaona kuti kubisa kotere kumapweteka kawiri, chifukwa tsiku limene adzadziwe adzazindikiranso kuti anzake ankadziwa n'kukhala chete, ndipo nthawi yochotsetsa zinthuzo zisanafalikire idzakhala itapita kale. Muuzeni pamasom'pamaso, pamalo poduka mphepo, ndipo musamutumizire chithunzicho kapena uthengawo pa foni ngati nkhani wamba. Mufunseni ngati akufuna kuona zonse kapena kungomva mwachidule.

Mukakhala naye, ntchito yaikulu ndi kumvetsera. Buku la malangizo a chithandizo choyamba kwa ovutika maganizo, limene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2011 pamodzi ndi mabungwe ena, limaika ntchito ya wothandiza m'magawo atatu, omwe ndi kuyang'ana mmene zinthu zilili, kumvetsera, ndi kumulumikiza munthuyo ndi thandizo limene akufunikira, ndipo limachenjeza kuti munthu asakakamizidwe kufotokoza zimene zamuonekera. Mukhoza kukhala naye ola lathunthu iye osalankhula zambiri, ndipo olalo silinapite pachabe.

Pali mawu ena amene amatuluka msanga pakamwa pa anthu ofuna zabwino koma amavulaza. Kunena kuti "ingozitaya, mawa aiwala" kumamuuza kuti ululu wake ndi waung'ono. Kufunsa kuti "nanga iwe unatumiziranji chithunzicho?" kumachotsa mlandu pa wofalitsa n'kuuika pa iye, pamene chimene anachita ndi kukhulupirira munthu amene ankamukonda, ndipo funso limeneli amakhala atadzifunsa kale usiku wonse. Kumulangiza kuti angotseka maakaunti ake onse kumaoneka kwanzeru, koma kumamulekanitsanso ndi anthu amene akanamulimbikitsa, pamene wolakwayo akupitiriza kucheza momasuka. Ngati iye mwini akufuna kupuma kaye ku masamba a mchezo, muthandizeni kutero, koma lisakhale lamulo lochokera kwa inu.

Kumbukirani kuti mnzanuyo walandidwa kale mphamvu pa dzina lake ndi pa thupi lake, popeza anthu ena asankha m'malo mwake zimene dziko lione ndi kunena za iye. Inu mukathamangira kwa akuluakulu a sukulu, kuimbira makolo ake, kapena kulemba chikalata chomuteteza pa Facebook musanamufunse, mukumusankhiranso zochita ngakhale cholinga chanu ndi chabwino. Pa chilichonse mufunseni kaye kuti, "Ukufuna ndichitepo chiyani, ndipo ndi ndani amene sukufuna kuti adziwe?" Pamene pokha pamene lamulo limeneli limasweka ndi pamene moyo wake uli pachiswe, ndipo za izo ndinena m'munsimu.

Sungani umboni musanachotse chilichonse

Munthu amene wanyozedwa amafuna kufufuta zonse nthawi yomweyo kuti asazionenso, ndipo m'pomveka. Koma uthenga ukafufutidwa umboni wapita, ndipo wozunza akazindikira kuti nkhani yakula amathamangira kuchotsa zimene analemba. Pa WhatsApp wotumiza ali ndi masiku pafupifupi awiri oti achotse uthenga wake kwa aliyense, ndipo m'magulu ena mauthenga amazimiririka okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Apa ndi pamene mnzake amathandiza kwambiri, chifukwa akhoza kugwira ntchito yowawa yosonkhanitsa umboniwo kuti mwini wake asawerengenso chipongwe chilichonse.

Jambulani screenshot imene ikuonetsa dzina la akaunti kapena nambala ya wotumiza, dzina la gulu, tsiku ndi nthawi, osati mawu onyozawo okha. Jambulaninso mauthenga a m'mbuyo ndi a m'tsogolo mwake, kuti wina asadzanene kuti zinali nthabwala zimene mwazidula pakati. Koperani linki ya tsamba kapena ya akauntiyo, popeza dzina looneka limasinthidwa mosavuta. WhatsApp ili ndi njira yotchedwa Export chat imene imatulutsa makambirano onse m'fayilo imodzi, ndipo ngati chithunzi chinatumizidwa m'njira yoti chioneke kamodzi kokha, imene salola kujambula screenshot, chijambuleni ndi foni ina, kupatula ngati ndi chamaliseche. Lembani m'kope mndandanda wa zochitika motsatira masiku ake, pamodzi ndi zimene zachitika kunja kwa intaneti, monga kuzomedwa panjira kapena kugogodedwa chitseko usiku. Zonsezi zisungidwe pamalo amodzi otetezedwa amene mwini wake akuwadziwa.

Pa zithunzi zamaliseche samalani kwambiri. Musazisunge m'foni mwanu, ndipo musazitumize kwa aliyense ngakhale pofuna kusonyeza kukula kwa vuto. Lembani linki, dzina la akaunti ndi nthawi, basi. Ngati chithunzicho chinajambulidwa mnzanuyo asanakwanitse zaka 18, zimene n'zotheka kwa ophunzira a chaka choyamba, kungokhala nacho kokha ndi mlandu waukulu m'mayiko ambiri.

Umboni ukasungidwa, mukhoza kuyamba kulipota ndi kubuloka. Mukalipota munthu pa WhatsApp, kampaniyo imalandira mauthenga asanu omaliza amene iye anatumiza, ndipo iye sauzidwa kuti mwamulipota. Dziwani komabe kuti kubuloka munthu pa WhatsApp sikubisa mauthenga ake m'gulu limene nonse mulimo. Pa Instagram pali njira yotchedwa Restrict, imene inayamba mu 2019, imene imachititsa kuti ndemanga za munthu wovutitsayo azizione yekha popanda kudziwa kuti waletsedwa, ndipo imathandiza pamene mnzanu akuopa kuti kubuloka kungamukwiyitse munthuyo. Pa masamba ambiri simuyenera kukhala mwini nkhani kuti mulipote, choncho inu ndi anzanu mukhoza kutero nokha, posankha chifukwa cholondola, kaya ndi kuzunza, kudzitcha munthu wina, kapena kufalitsa zithunzi zachinsinsi popanda chilolezo.

Ngati pali mantha akuti zithunzi zachinsinsi zifalitsidwa, kapena zayamba kale, muuzeni za StopNCII.org, ntchito yaulere imene inakhazikitsidwa mu 2021 ndi Revenge Porn Helpline ya ku United Kingdom mothandizana ndi kampani ya Meta. Chithunzicho sichichoka m'foni ya mwini wake. Chimene chimatumizidwa ndi nambala yapadera yozindikiritsa chithunzicho, imene masamba monga Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito pochizindikira wina akafuna kuchiika. Ntchitoyi ndi ya anthu a zaka 18 kapena kuposerapo, pamene zithunzi zojambulidwa munthu ali wamng'ono zili ndi ntchito yakeyake yotchedwa Take It Down. Musamulonjeze kuti zimenezi zichotsa chithunzicho paliponse, chifukwa mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa mwakuti kampaniyo siwaona, ndipo chimene chasungidwa m'mafoni a anthu sichingakokedwe. Ngati wina akumuopseza kuti apereke ndalama kapena zithunzi zina kuti asamuyalutse, mulimbikitseni kuti asapereke kanthu, pakuti oopseza otere akalandira kamodzi amabweranso, ndipo nkhani yotereyi ndi yofunika apolisi.

Khalani nayenso pansi kuti muone chitetezo cha maakaunti ake. Asinthe mawu achinsinsi onse, kuyambira a imelo, ayatse chitetezo cha magawo awiri, chimene chimafuna nambala ina yapadera kuwonjezera pa mawu achinsinsi munthu akamalowa mu akaunti, ndipo pa WhatsApp ayang'ane pa Linked devices ngati pali kompyuta kapena foni yachilendo imene ikuwerenga mauthenga ake. Izi n'zofunika kwambiri ngati wozunzayo ndi munthu amene kale ankagwira foni yake momasuka.

Kulankhula poyera

Mu 1968 akatswiri a maganizo John Darley ndi Bibb Latané anachita kafukufuku ndi ophunzira a pa yunivesite ku New York. Wophunzira aliyense ankakhala m'kachipinda kakekake n'kumalankhula ndi ena kudzera pa makina, osaonana nkhope, ndiye mwadzidzidzi ankamva mawu a mnzake akuoneka kuti wagwidwa ndi khunyu ndipo akupempha thandizo. Mwa iwo amene ankaganiza kuti akumva okha, 85 pa 100 alionse anathamangira kukanena mawuwo asanathe kumveka, koma mwa amene ankaganiza kuti pali anthu ena anayi omvera, anatero ndi 31 okha pa 100 alionse. Gulu la pa foni likufanana kwambiri ndi tizipinda timeneti: aliyense ali payekha, sakuona nkhope za ena, ndipo akuganiza kuti wina achitapo kanthu. Ambiri mwa okhala chetewo si ankhanza, akungodikirana. Kafukufuku wina wa mu 2001, amene Lynn Hawkins, Debra Pepler ndi Wendy Craig anachita poonerera ana m'mabwalo osewerera a sukulu za pulayimale ku Toronto, anapeza kuti mwana wina akalowererapo, kupezererako kunkatha pasanathe masekondi khumi pa zochitika 57 mwa 100 zilizonse. Awa anali ana, ndipo sizinali za pa intaneti, koma zikusonyeza kuti wozunza amadalira kwambiri omuonerera.

Mnzanu akavomereza kuti mulankhule m'gulumo, musapite nokha. Lankhulani kaye mwamseri ndi anthu awiri kapena atatu amene mukudziwa kuti nawonso zikuwanyansa, ndipo mugwirizane kuti wina akalemba enawo atsatire mwamsanga. Munthu mmodzi wodzudzula amasanduka chosekedwa chatsopano, koma anayi akalankhula motsatizana, ena amene ankadikira aja amalimba mtima. Lembani mwachidule, mutchule mchitidwewo, ndipo musatukwane munthu: "Chithunzi ichi chaikidwa popanda chilolezo cha mwini wake. Chichotsedwe, ndipo tisachitumize kwina." Musayambe kutsutsana ngati mphekeserazo ndi zoona kapena zabodza, chifukwa mukatero mwasandutsa moyo wa mnzanu mutu wa mtsutso, ndipo yankho lililonse limakweza nkhaniyo pamwamba kuti ena aione. Mukanena zanu kamodzi kapena kawiri, lekani.

Musaiwale woyang'anira gulu. Admin wa gulu la WhatsApp ali ndi mphamvu yochotsa uthenga wa munthu wina kwa aliyense, yotulutsa munthu m'gulu, ndi yotseka gulu kwa kanthawi kuti azilemba ndi oyang'anira okha. Nthawi zambiri amakhala wophunzira mnzanu amene sanaganizepo kuti udindo umenewu ndi wake, ndipo kumupempha mwaulemu payekha, mutamuuza chenicheni chimene mukufuna achite, kumagwira ntchito kuposa kumudzudzula pagulu.

Ngati woyambitsayo kapena wofalitsa nawo ndi mnzanunso, muli ndi mwayi umene ena alibe. Katswiri wa maganizo John Suler analemba mu 2004 za mmene anthu amamasukira mopitirira pa intaneti chifukwa chosaoneka ndi chosaona nkhope ya amene akumulankhula. Kumuuza munthu wotere pamasom'pamaso kuti zimene analemba zapweteka munthu weniweni, ndi kuti inuyo mwakhumudwa naye, nthawi zina kumamubweza. Musamuululire komabe mmene wozunzidwayo akuvutikira mwatsatanetsatane, chifukwa si zanu zoti muulule, ndipo alipo ena amene akamva zimenezo amakondwera.

Kubwezera n'koyenera kukupewa kotheratu. Kufalitsa zinsinsi za wozunzayo, kumutumizira gulu la anthu omutukwana, kapena kuloza munthu amene mukungomuganizira kuti ndiye mwini akaunti yabodza, kumatalikitsa nkhaniyo, kukhoza kuvulaza wosalakwa, ndipo kumapatsa akuluakulu chifukwa chonenera kuti mbali zonse ziwiri zinalakwa.

Kupita nayo kwa akuluakulu

Mayunivesite ambiri ali ndi malamulo a khalidwe la ophunzira, ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ndi alangizi opereka uphungu mwachinsinsi. Werengani malamulowo m'malo mwa mnzanu, mupeze ndime imene ikukhudza nkhani yake, ndipo mufufuze kumene dandaulo limaperekedwa. Mufunseni mkulu wa ofesiyo mafunso amene mnzanu angaope kufunsa: ndani adzawerenga dandaulolo, kodi wodandauliridwa adzauzidwa dzina la wodandaula, ndipo angatetezedwe bwanji nkhani ili mkati, monga kusinthidwa chipinda kapena gulu la ntchito ya m'kalasi. Akasankha kupita, muperekezeni, mulembe zimene zanenedwa, ndipo dandaulolo liperekedwe molemba kuti pakhale tsiku lodziwika. Nkhani zotere zimatha kuchedwa, ndipo munthu wotopa kale amagwa ulesi msanga, choncho dziperekeni kukhala wokumbutsa ofesiyo.

Malamulo a boma amasiyana dziko ndi dziko, koma mayiko ambiri tsopano amaona nkhanza za pa intaneti ngati mlandu. Malawi ali ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, Kenya ali ndi Computer Misuse and Cybercrimes Act la 2018, ndipo ku South Africa lamulo la Cybercrimes Act la 2020 limaletsa mwachindunji kufalitsa zithunzi zachinsinsi za munthu popanda chilolezo chake. Pamene pali kuopsezedwa ndi chiwembu, kulondoledwa, kapena kukakamizidwa kupereka ndalama, mulimbikitseni kwambiri kupita kupolisi ndipo mupite naye.

Pamene moyo uli pachiswe

Mu September 2010, Tyler Clementi, wophunzira wa chaka choyamba wa zaka 18 pa Rutgers University ku New Jersey, anadzipha patangopita masiku ochepa kuchokera pamene mnzake wogona naye chipinda anagwiritsa ntchito kamera ya kompyuta pomuzonda ali ndi mwamuna wina, n'kulengeza zimenezo pa Twitter. Kudzipha sikukhala ndi chifukwa chimodzi, ndipo ambiri ozunzidwa pa intaneti safika pamenepo, koma nkhani imeneyi ikukumbutsa kuti masiku oyambirira, pamene manyazi ali pachimake, ndi ofunika kukhala tcheru. Ophunzira ena ankadziwa zimene zinkachitikazo.

Samalani mnzanu akayamba kunena kuti kuli bwino atafa, kuti ndi mtolo kwa ena, kapena kuti palibe njira yotulukira. Samalaninso akamagawa katundu wake, kutsanzika m'njira yachilendo, kumwa mowa kapena mankhwala mopitirira, kapena kukhala masiku osadya ndi osagona. Mufunseni mosapita m'mbali kuti, "Kodi ukuganiza zodzipha?" Anthu ambiri amaopa kuti funso limeneli lingamupatse maganizowo, koma akatswiri a ku King's College London ataunika mu 2014 kafukufuku amene analipo, sanapeze umboni woti kufunsa kumawonjezera maganizo odzipha. Akayankha kuti inde, musamusiye yekha, chotsani pafupi naye mankhwala ndi china chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo mupite naye kuchipatala kapena kwa mlangizi tsiku lomwelo. Apa musalonjeze kusunga chinsinsi. Muuzeni moona kuti muuza munthu amene angathandize, ndipo mumulole asankhe nawo munthuyo.

Phokoso likatha

Gulu limaiwala msanga ndi kupeza nkhani ina, ndipo anzake ambiri amaganiza kuti zatha. Kwa mwini wake nthawi imeneyi ndi imene imakhala yaitali. Akalowa m'kalasi amaganiza kuti aliyense womuyang'ana anaona chithunzi chija, akamva kuseka kumbuyo kwake amati akuseka iye, ndipo usiku amadzuka kufufuza dzina lake pa intaneti kuti aone ngati kwabwera zatsopano. Kenako amayamba kujomba, ntchito za m'kalasi zimatsalira, ndipo kulephera mayeso kumadzakhala chilonda chachiwiri chochokera pa choyamba chija.

Thandizo la nthawi imeneyi ndi la zinthu zing'onozing'ono zochitidwa mosalekeza. Mudzereni popita m'kalasi kuti asalowe yekha, ndipo mukhale naye pampando woyandikana. Muitaneni kokadya ndi kokawerenga, ndipo akakana lero mumuitanenso mawa popanda kumuumiriza kapena kumuonetsa kuti mwakhumudwa. Mupatseni manotsi a maphunziro amene anaphonya. Muthandizeni kulemba kalata yopempha aphunzitsi kuti amuwonjezere nthawi yoperekera ntchito, ndipo dziwani kuti sayenera kufotokozera mphunzitsi aliyense zonse, popeza kalata yochokera kwa mlangizi imatha kunena kuti wophunzirayo wakumana ndi vuto popanda kulitchula. Mu 1985 Sheldon Cohen ndi Thomas Wills, ataunika kafukufuku wambiri wokhudza thandizo la anthu pa nthawi ya mavuto, anasonyeza kuti kudziwa kuti pali anthu oti n'kuwadalira kumachepetsa mmene mavuto amawonongera thanzi la munthu. Kudziwa kumeneku sikubwera ndi lonjezo lakuti "ukafuna chilichonse undiuze", limene munthu wamanyazi sadzaligwiritsa ntchito, koma ndi kuona kuti mwabweradi tsiku limene munanena.

Pa chizolowezi chofufuza dzina lake usiku, mugwirizane kuti inu kapena mnzanu wina ndiye aziyang'ana masambawo pa nthawi yoikika, n'kumuuza pokhapokha pakakhala chinthu chofunika kuchitapo kanthu, monga chiopsezo chatsopano. Mukalonjeza zimenezi muzinena zoona, chifukwa akadzapeza kuti munamubisira china adzayambiranso kufufuza yekha. Zimathandizanso kuti foni izigona kutali ndi bedi, ndi kuti zidziwitso za gulu lija zizimitsidwe, inu n'kumamuuza zolengeza za maphunziro.

Chinthu china chimene anzake okonda amalakwitsa ndi kumuona ngati wodwala mpaka kalekale. Mukamakumana naye n'kumangofunsa ndi nkhope yachisoni kuti akupeza bwanji, mukumukumbutsa kuti kwa inunso wasanduka munthu wa nkhani ija. Kambani naye za maphunziro, za masewera, ndi zina zonse zimene munkakamba kale. Mupempheni akuthandizeni phunziro limene amalidziwa bwino kuposa inu, ndipo muuzeniko mavuto anu, chifukwa munthu amene wakhala akungolandira thandizo amayamba kudzimva kuti ndi wathunthu akaona kuti nayenso akufunika. Nkhani ija aziiyambitsa yekha akafuna, ndipo akaiyambitsa kachikhumi mumvetsere ngati poyamba. Koma pakatha milungu ingapo iye akulepherabe kugona, kudya kapena kulowa m'kalasi, kapena mantha akukulirakulira, ubwenzi wokha sukwanira, ndipo muyenera kumulimbikitsa kuonana ndi mlangizi kapena dokotala, ngakhale kumuperekeza mpaka pakhomo la ofesiyo.

Musasenze zonsezi nokha. Kuwerenga chipongwe tsiku ndi tsiku ndi kudzuka usiku kuyankha foni kumatopetsa, ndipo inunso muli ndi mayeso anu. Mwini wake akalola, gawanani ntchito anthu atatu kapena anayi, wina woyang'ana masamba, wina woperekeza ku maofesi, wina wothandiza pa maphunziro. Nenani moona zimene simungathe, pakuti kunena kuti "usiku uno sinditha, koma ndibwera m'mawa" n'kwabwino kuposa kungosowa mwakachetechete mutatopa. Alangizi a pasukulu alipo chifukwa cha inunso.

Nthawi ina wozunzayo akhoza kupepesa, mwina mochokera pansi pa mtima, mwina poopa chilango, ndipo anthu amayamba kukakamiza wozunzidwa kuti akhululuke kuti kalasi ikhalenso pamtendere. Musakhale m'gulu la okakamizawo, ndipo musakonze zowakumanitsa mnzanuyo asanapemphe yekha. Kulandira kupepesa, kuchotsa dandaulo, kapena kukana zonse ziwiri, ndi zosankha zake. Pomaliza, kambiranani pasadakhale zimene mudzachite chithunzicho kapena mphekeserazo zikadzabukanso, monga zimachitikira pakabwera ophunzira atsopano kapena mnzanuyo akafuna udindo m'bungwe la ophunzira. Mugwirizane amene adzamuuze, amene adzasunge umboni ndi kulipota, ndi amene adzalankhule ndi woyang'anira gulu, ndipo fayilo ya umboni ija, pamodzi ndi makalata onse ochokera ku ofesi ya sukulu kapena kupolisi, isungidwebe ngakhale mutamaliza maphunziro.